Mbiri ya Thadzi Lofungatira Mazira M'midzi ya ku Mdeka

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Zalewa sangalephere kuona malonda a nkhuku. Akapitirira Lunzu ndi Lirangwe nafika pa Mdeka, amakumana ndi anyamata atamangirira zitete za nkhuku panjinga, amayi atapanira tambala m'khwapa, ndiponso ogula a m'tauni akuyesa kulemera kwa msoti ndi dzanja. Nkhuku zimenezi zimakathera m'miphika ya ku Ndirande, ku Chirimba ndi ku Limbe, kumene ozidya amaziyamikira kuti n'zokoma kuposa zachizungu. Komabe ndi owerengeka amene amaganizako za kumene zinaswedwera. Zambiri mwa izo sizinalowepo m'makina oswetsera mazira. Zinaswedwa ndi thadzi lachikuda, m'lichero lakutha kapena m'phale la mphika wosweka, kuseri kwa chitseko. Nkhani ya lero ikulongosola mbiri ya thadzi limeneli, ndi chifukwa chake ntchito yake ilipobe ngakhale kwabwera njira zambiri zofuna kuilowa m'malo.

Nkhuku si mbalame ya kuno chiyambire. Kholo lake ndi mbalame ya m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Akatswiri ofukula zakale anapeza mafupa a nkhuku zoweta pa malo otchedwa Ban Non Wat m'dziko la Thailand, ndipo mafupawo ndi a zaka zoposa 3,000 zapitazo. Kuchokera kumeneko nkhuku inayenda ndi amalonda, mpaka inalowa mu Africa kudzera ku Egypt ndi m'madoko a kum'mawa. Pamene David Livingstone anadutsa m'mapiri ndi m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, anapeza nkhuku zili kale m'midzi ya Amang'anja, ndipo mafumu ankampatsa nkhuku ndi ufa monga mphatso ya mlendo. Ulendo wautali chotere unatheka chifukwa cha khalidwe limodzi la mbalameyi. Kulikonse kumene tambala ndi thadzi afika, thadzi limaikira, limafungatira, limaswa ndi kulera ana ake lokha, popanda wolithandiza.

M'midzi ya kumpoto kwa boma la Blantyre, kumene Amang'anja, Ayao, Angoni ndi Alomwe akhala moyandikana kwa mibadwo ingapo, nkhuku inalowa m'mbali zonse za moyo. Mlendo wolemekezeka amaphikiridwa nkhuku. Wolakwa pa mlandu waung'ono amapepesa ndi nkhuku pabwalo la mfumu. Pachinkhoswe, akuchimuna amapereka tambala ndipo akuchikazi amapereka msoti, posonyeza kuti mabanja awiriwo alumikizana. Popeza maukwati ambiri a deralo ndi achikamwini, nkhuku za pakhomo zakhala chuma cha amayi ndi ana. Agogo amapatsa mdzukulu msoti kuti aphunzirirepo kuweta, ndipo nzeru zonse za kaswetsedwe ka mazira zinkachokera kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, osalembedwa m'buku lililonse.

Panalinso malamulo a makolo okhudza mazira. Ana ankaletsedwa kudya mazira, ndipo mayi woyembekezera ankauzidwa kuti akadya adzabala mwana wopanda tsitsi. Achipatala anatsutsa kalekale chikhulupiriro chimenechi, pakuti dzira ndi chakudya chomanga thupi chofunika kwambiri kwa mayi ndi mwana yemwe. Koma zotsatira za lamulolo pakhola zinali zoonekeratu. Mazira ankakhala m'chisa mpaka thadzi liwafungatire, ndipo banja linkapeza nkhuku m'malo mwa ndiwo za tsiku limodzi.

Ntchito imene thadzi limagwira m'chisamo ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Likaikira mazira 10 mpaka 15, thupi lake limasintha. Limaleka kuikira, limathothoka nthenga za pachifuwa kuti khungu lofunda likhudze mazira, ndipo limalusa kwa aliyense woyandikira. Dzira la nkhuku limafuna kutentha kwa madigiri 37 ndi theka kufikira 38 pa muyeso wa Celsius, kwa masiku 21 osalekeza. Kutentha kukapitirira kwambiri kamwana ka m'kati kamafa, ndipo kukachepa kamachedwa kukula kapena kufa kumene. Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, tolowetsa mpweya ndi kutulutsa chinyezi, kotero kuti dzira likaumitsitsa mwanapiye amamatirira ku chigoba. Thadzi limatembenuza mazira ndi mlomo wake kambirimbiri pa tsiku, a m'mphepete kuwabweza pakati, a pakati kuwakankhira m'mphepete. Kamodzi pa tsiku limatuluka kwa kanthawi kochepa kukadya, kukamwa ndi kukasamba fumbi, kenaka limabwerera mazira asanazizire. Pofika tsiku lachitatu mtima wa kamwanako umakhala utayamba kale kugunda. Pa tsiku la 21 mwanapiye amaboola yekha chigoba, ndipo chifukwa chakuti amakhala atameza m'mimba mwake yolk yotsala ya dziralo, amatha kukhala masiku awiri osadya podikira anzake kuti aswedwe.

Amayi a m'midzi sankadziwa za madigiri, koma ankadziwa zoyenera kuchita. Chisa ankachiika pamalo a mdima ndi abata, kutali ndi agalu, napakamo phulusa pansi pa udzu pofuna kuchepetsa utitiri, umene umathamangitsa thadzi pamazira. Ankasankha mazira atsopano, osasweka ndi osapotoka, ndipo sankawatsuka ndi madzi. Ena ankawalemba ndi khala kuti azindikire dzira loikiridwa mochedwa ndi nkhuku ina. Ankadziwa kuti kambwata wa miyendo ifupiifupi sangafungatire mazira ochuluka ngati thadzi lalikulu, ndi kuti mazira akachuluka kuposa mapiko, a m'mphepete amasukusa. Ankadziwanso kuti thadzi silisankha. Mazira a nkhanga, amene amaswa pakapita masiku 26 kufikira 28, ankawaika pansi pa nkhuku yofatsa, ndipo nkhukuyo inkalera ana a nkhanga ngati ake.

M'mayiko ena anthu anafunafuna njira yoswetsera mazira popanda thadzi kuyambira kale lomwe. Otchuka pa ntchitoyi ndi anthu a ku Egypt, amene luso lawo linalembedwa ndi olemba Achigiriki, Aristotle ndi Diodorus, Yesu asanabadwe. Iwo ankamanga nyumba zadothi za zipinda zambiri, zofunditsidwa ndi moto wa ndowe ndi udzu, ndipo nyumba imodzi inkalandira mazira zikwizikwi nthawi imodzi. Woyang'anira ankagona momwemo, ankatembenuza mazira ndi manja, ndipo ankayesa kutentha pogunditsa dzira pa chikope cha diso lake. Luso limeneli linkasungidwa m'mabanja owerengeka, ndipo zina mwa nyumbazo zinkagwirabe ntchito m'zaka za m'ma 2000. Ku China ndi kumayiko oyandikana nawo ankafunditsa mazira a abakha m'mankhusu a mpunga otenthetsa. M'chaka cha 1749 katswiri wa ku France, René de Réaumur, anasindikiza buku lofotokoza mmene anayesera kuswetsa mazira m'migolo yozunguliridwa ndi manyowa a akavalo, akuyesa kutentha ndi chipangizo chake. Koma vuto la kutentha kosinthasintha linathetsedwa bwino m'chaka cha 1881, pamene Charles Hearson wa ku London anapanga makina odziletsa okha akatenthetsa. M'zaka za m'ma 1920 ku America kunabwera makina aakulu oyendera magetsi.

Makinawa anasintha nkhuku yeniyeniyo. Thadzi likamafungatira ndi kulera siliikira. Thadzi lachikuda limatha milungu iwiri kapena itatu likuikira, milungu itatu lili pamazira, ndi miyezi iwiri kapena kuposerapo likuyenda ndi anapiye. Motero limaswa katatu kapena kanayi pa chaka, ndipo mazira ake onse pa chaka sapitirira kwenikweni 40 kapena 50. Kwa mlimi wa ku Ulaya wogulitsa mazira, thadzi lofungatira linali lotayitsa nthawi. Popeza makina anali atatenga ntchito yoswa, alimiwo anayamba kusankha nkhuku zokhazo zosakonda kufungatira kuti zikhale mbewu. Pakupita kwa mibadwo kunapezeka mitundu yoikira mazira oposa 250 pa chaka, koma yosadziwa kukhala pachisa. Nkhuku yotere singachulukane yokha. Mwini wake ayenera kubwerera kwa wogulitsa anapiye chaka ndi chaka.

Pamene zimenezi zinkachitika kunja, dera la Lirangwe ndi Mdeka nalonso linkasintha. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1935, inadutsa pa Lirangwe, ndipo misika ya m'tauni inayandikira. Nkhuku inasanduka ndalama yogulira mchere, sopo ndi nsalu. Kenaka kunagwa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre, makamaka madera a Lunzu ndi Lirangwe. Mvula inadula mbewu zili zazing'ono, ndipo amuna ambiri anapita kukasuma ku Ntcheu ndi ku Mwanza. Wolemba mbiri Megan Vaughan anafotokoza za njalayi m'buku lake la 1987, atacheza ndi anthu a m'midzi yomweyi. M'chaka cha njala, monga zinachitikiranso mu 2002, ziweto zazing'ono zimasinthanitsidwa ndi chimanga pa mtengo wolira, ndipo makola amatsala opanda kanthu. Njala ikatha, chiweto chofulumira kubwezeretsa khola ndi nkhuku. Msoti umodzi wopemphedwa kwa mbale umaswa pakangopita miyezi yochepa, ana ake aakazi amayamba kuikira ali ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndipo nkhuku zikachuluka zimagula mbuzi. Zonsezi zimatheka chifukwa msotiwo umadziwa kufungatira.

M'zaka za m'ma 1950 boma linayamba ntchito yokweza nkhuku za m'midzi. Linasankha mtundu wotchedwa Black Australorp, nkhuku yakuda bii, yaikulu thupi, yopereka nyama ndi mazira omwe. Mtunduwu unapangidwa ku Australia kuchokera ku nkhuku ya Orpington, imene William Cook wa ku England anaionetsa m'chaka cha 1886, ndipo unatchuka pamene mathadzi asanu ndi limodzi anaikira mazira 1,857 m'chaka chimodzi pa mpikisano wa 1922 mpaka 1923. Nkhukuzi zinkachulukitsidwa pa famu ya boma ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo n'chifukwa chake Amalawi amangozitcha nkhuku za Mikolongwe. Pambuyo pake ntchitoyi inafikanso ku Bwemba mumzinda wa Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu. Mazira ankaswetsedwa m'makina, anapiye ankaleredwa pafamu kwa milungu isanu ndi umodzi, kenaka ankagulitsidwa kwa alimi pa mtengo wotsika kudzera mwa alangizi a ziweto. Cholinga chinali chakuti tambala wa Mikolongwe akwere mathadzi achikuda, kuti anawo akhale aakulu ndi oikira kwambiri.

Ntchitoyi inapitirira kwa zaka zoposa 40, ndipo nkhuku zakudazo zinafika m'maboma onse. Komabe akatswiri a ku Bunda College atafufuza m'midzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza kuti nkhuku zochuluka m'makola zinali zachikudabe: kameta wa khosi lopanda nthenga, kansilanga wa nthenga zopiringizika, kambwata, ndi zina za mawanga osiyanasiyana. Zifukwa zake alimi ankazidziwa. Nkhuku ya Mikolongwe, yokulira m'khola la pafamu, sinali yochenjera pothawa mphamba ndi likongwe, ndiponso inkafuna chakudya chochuluka kuposa chimene ikanatola pabwalo. Thadzi lake silinali lodalirika pachisa ngati lachikuda. Tsono mayi wofuna anapiye a Mikolongwe ankatenga mazirawo n'kuwaika pansi pa thadzi lake lakale lomwe lija. Magazi atsopano amene analowa m'midzi analowa kudzera pansi pa mapiko a nkhuku imene ntchitoyi inkafuna kuikweza. M'chaka cha 1971 dziko lino linatcha ndalama yake yaing'ono tambala, ndipo chithunzi cha tambala chinadindidwa pa khobidi, koma thadzi loswa atambalawo silinalandirepo ulemu wotere.

Ena angafunse chifukwa chake makina oswetsera mazira sanafale m'midzi imeneyi, pamene Mdeka ali pafupi ndi gwero la magetsi a dziko lino. Malo opangira magetsi a Nkula, pa mtsinje wa Shire kufupi ndi Zalewa, anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ndipo a Tedzani anatsatira mu 1973. Nthambo zake zimadutsa pamwamba pa minda popita ku Blantyre, koma sizinatsikire m'nyumba zambiri za m'munsimo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse ndi nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi zilizonse imene inkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa nyumbazo zinali za m'tauni. Ngakhale amene ali ndi magetsi sagona tulo akaika mazira m'makina. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Makina akazizira usiku wathunthu, mazira mazanamazana akhoza kusukusa nthawi imodzi. Alipo amene amayesa katoni ndi nyali ya palafini, kapena mphika wokwiriridwa m'madeya ofunda. Nthawi zina anapiye angapo amaswa ndithu, koma munthuyo ayenera kuchita zimene Aiguputo aja ankachita, kudzuka usiku kuyesa kutentha ndi kutembenuza mazira kwa milungu itatu. Makina oyendera mphamvu ya dzuwa afika m'zaka zaposachedwa ndipo akuthandiza magulu ena a alimi, koma mtengo wake ndi wopitirira thumba la banja limodzi.

Mbiri imeneyi ikuonetsanso kumene kunali chotupa chenicheni. Thadzi lachikuda losamalidwa bwino limaswa pafupifupi mazira asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse, ndipo makina ang'onoang'ono ambiri saposa pamenepo. Anapiye amatayika ataswedwa kale. M'midzi yambiri ya mu Africa pafupifupi theka la anapiye amafa asanakwanitse miyezi iwiri, ena ndi mphamba ndi akhwangwala, ena ndi chisanu ndi mvula, ena ndi njala. Otsalawo amakumana ndi chitopa, matenda amene azungu anawazindikira koyamba m'chaka cha 1926 pa chilumba cha Java ndiponso kufupi ndi mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England. Chitopa chimabuka kawirikawiri m'nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo chimatha kusesa makola a mudzi wonse pa milungu iwiri. Chikalowa, anthu amathamangira kumsika kukagulitsa nkhuku zisanafe, ndipo potero amachifalitsa m'midzi ina ya m'mbali mwa msewu.

Kwa zaka zambiri katemera wa chitopa ankafuna firiji, ndipo ankabwera m'mabotolo okwanira nkhuku mazanamazana, oyenera mafamu aakulu. Zinthu zinasintha pamene akatswiri a pa yunivesite ya Queensland ku Australia, motsogozedwa ndi Peter Spradbrow, anapanga katemera wopirira kutentha wotchedwa I-2. M'zaka za m'ma 2000 katemerayu anayamba kupangidwa kuno, ku labotale yaikulu ya ziweto mumzinda wa Lilongwe. Amaperekedwa ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, katatu pa chaka, m'miyezi ya Malichi, Julayi ndi Novembala, ndipo anthu a m'midzi momwemo amaphunzitsidwa kutemera. Kadontho kameneka sikasintha mtundu wa nkhuku. Kamangoipatsa moyo kuti ipitirize ntchito imene inkaidziwa kale.

Alangizi a masiku ano amaonjeza pang'ono pa nzeru za amayi zija. Amalangiza kuti mazira ofungatiritsa asagone masiku oposa asanu ndi awiri kapena khumi, ndipo asungidwe pamalo ozizira. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri kufikira lakhumi la kufungatira, mwini nkhuku akhoza kuunika dzira lililonse ndi tochi mumdima. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, ndipo loyera mbee limachotsedwa lisanaole. Madzi ndi madeya aziikidwa pafupi ndi chisa kuti thadzi lisaonde kapena kupita kutali. Anapiye akaswa azitsekeredwa pamodzi ndi mayi wawo m'chitete chachikulu kapena m'kakhola kwa milungu ingapo yoyamba, akudya madeya, chiswe, masamba ndi nyenyeswa za usipa. Amene ali ndi mathadzi angapo akhoza kuwakhazika pa mazira owiritsa olembedwa chizindikiro, mpaka onse atayamba kufungatira, kenaka n'kuwapatsa mazira enieni tsiku limodzi. Anapiye oswedwa tsiku limodzi savuta kutemera, kudyetsa ndi kugulitsa.

Mitundu yatsopano ikubwerabe, monga Kuroiler yochokera ku India, ndipo ili ndi phindu lake kwa mlimi wokhoza kugula chakudya ndi anapiye. Koma mlimi wa ku Mdeka, ku Lirangwe, ku Chileka ndi kwina kulikonse achenjere ndi chinthu chimodzi. Khalidwe lofungatira limayenda m'magazi, ndipo monga linathera m'nkhuku za ku Ulaya, likhoza kutha m'khola lililonse limene mathadzi achikuda onse agulitsidwa kapena kusakanizidwa mosasamala. Likatha, banjalo lidzayamba kugula anapiye amene kale linkawapeza kwaulere. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chikondwerero cha Khirisimasi chikayandikira, ogula a m'tauni amafuna nkhuku yonenepa, ndipo kawirikawiri imeneyo imakhala thadzi lodziwa kulera. Mwini nkhuku agulitse atambala owonjezera ndi mathadzi othawa mazira, koma thadzi lofungatira bwino, pamodzi ndi misoti iwiri kapena itatu yobadwa kwa ilo, litsale pakhomo ndipo lilandire katemera pa nthawi yake.